Muwawani ulipo ku Mbare, koma bambowo akayezetse kaye

Achemwali, ndaona funso lanu loti muwawani mungaupeze kuti muno mu Harare, poti bambo akunyumba chibwerereni ku Salima sabata yatha akungodandaula m'mimba, thupi kutentha ndi kuphwanya.

Mtengowo ulipo, kungoti mukanena kuti muwawani palibe amene akumveni. Anzathu Achishona amati muremberembe, kaamba ka nyemba zake zazitali zija zolendewera ngati chikoti. Andebele amati isihaqa, a sukulu amati Cassia abbreviata. Mukafika ku Mbare Musika, msika waukulu wa muno mu Harare, funsani komwe kuli ogulitsa zitsamba, mutchule dzina la Chishonalo.

Mugule muzu kapena khungwa loti mukuliona ndi maso, osati ufa wa m'botolo. Ufa mudziwa bwanji chomwe anasinja? Ine ndinagulapo kabotolo kwa mnyamata wina pokwerera makombi (maminibasi), nditamwa usiku wonse ndinagonera khomo la chimbudzi. Tenganiko kachidutswa mulawe kunsonga kwa lilime: muwawani weniweni umawawa mpaka kukhosi, n'chifukwa chake makolo anaupatsa dzinalo. Mununkhizenso. Muzu ukamanunkha ngati mankhwala opaka minofu ikamapweteka, ameneyo ndi bwazi, kuno amati mufufu. Musiyeni pomwepo, bwazi akachuluka amapha. Ngati mukufuna sing'anga woti akuuzeni kamwedwe, pezani wolembetsedwa, wa chiphaso. ZINATHA, bungwe la asing'anga muno mu Zimbabwe, ilipo kuyambira 1980, ndipo sing'anga woona sakwiya mukamufunsa pepala.

Agogo anga ankangoviika tizidutswa tiwiri m'kambale ka madzi, n'kumatipatsa pang'ono tikadzimbidwa. Ife ana tinkathawa tikangoona kambaleko. Muwawani umatsuka m'mimba ndithu, sindikana. Koma pa chifukwa chomwecho munthu amene akutsegula kale, mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono asayerekeze. Amene ali pa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP afunse kaye kuchipatala asanaphatikize.

Tsono pepani, ndilankhule ngati mbale wanu. Chimene chandidetsa nkhawa ine si m'mimbamo ayi, ndi kutentha thupiko. Munthu wagona ku Salima m'mbali mwa nyanja, wadutsa ku Tete kotentha kuja, mwina basi yachedwa pa Nyamapanda, pamalire a Mozambique ndi Zimbabwe, udzudzu n'kumamudya, kenako patha sabata thupi layamba kuphwanya. Amenewo ndi malungo mpaka magazi atakana. Malungo amayamba kuoneka pakatha masiku 7 kapena kuposa chilumidwireni, ndipo kwa ena amabwera ndi m'mimba momwemo, kusanza ngakhale kutsegula. Ife takhalitsa kuno, Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo malungo ndi osowa, ndiye thupi linaiwala kulimbana nawo. Amene amabwera kuchokera kumudzi atakhala zaka kuno amagwa nawo moipa kuposa abale amene anawasiya kumudziko.

Apite lero ku kiliniki ya khansolo yomwe muli nayo pafupi, kaya ndi Mufakose kaya Mabvuku. Akafika anene yekha kuti wachokera ku Malawi kudzera ku Mozambique, asadikire kufunsidwa, chifukwa namwino wa mu Harare sayamba waganiza za malungo munthu akati mutu. Amangobaya chala, pakatha mphindi 20 zotsatira zatuluka. Akawapeza nawo adzawapatsa Coartem, yemwe uja kwathu timati LA: kawiri pa tsiku masiku atatu, kumwera chakudya cha mafuta pang'ono, mkaka kapena phala la nsinjiro. Amalize onse ngakhale atamva bwino tsiku lachiwiri, ndipo muwawani asamwe masiku amenewo, chifukwa akatsegula m'mimba mankhwalawo sakhazikika m'thupi. Akayamba kusokonezeka mutu, kukomoka kapena kusanza chilichonse, musadikire kuti kuche, thamangani nawo kuchipatala chachikulu.

Ine Loweruka ndikupita ku Mbare kukagula matemba. Ngati muzuwo mudzaufunabe ndikutengerani, koma mundiuze kaye zomwe apeza kukiliniki.