Nyale za mbande za chamba zisakuwotchereni shedi

Alimi a kalabu ina yomwe ili ndi chiphaso cholima chamba cha mankhwala afunsa kuti: "Alangizi, tikulera mbande m'chipinda chotseka. Tili ndi nyale zinayi za mawati 600 iliyonse ndi mafani awiri, zonse pa ekisitenshoni imodzi. Masiku ano pulagi ikumatentha ndipo kukumamveka fungo la pulasitiki yopserera. Kodi vuto ndi mababu?"

Abale anga, vuto si mababu. Zimitsani lero lomwe, musadikire mawa. Fungo limenelo ndi la chikopa cha waya chomwe chayamba kusungunuka, ndipo chotsatira chake ndi moto.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba zathu pa mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi yosapitirira ma amp 13. Ndiye kuti pulagi imodzi malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. Nyale zanu zinayi ndi mawati 2,400, ndipo ma ballast ake (timabokosi tolamulira magetsi olowa m'babu) amadyako magetsi ena pamwamba pake, kuphatikizanso mafani. Mwafika kale pafupi ndi malire. Tsono ketulo, ngakhale imadya magetsi ambiri, imawira mphindi zochepa n'kuzima, pamene nyale za mbande zimayaka maola 18 tsiku lililonse, waya osapeza mpata wozizira. N'chifukwa chake katundu woyaka nthawi yaitali chonchi sayenera kupitirira magawo 80 pa 100 a malire aja, ndipo apa tikunena waya wabwino. Ma ekisitenshoni ambiri otchipa a mumsika ali ndi waya woonda kwambiri mkati, ngakhale pabokosi alembe zotani. Wina amagwiritsa ntchito waya wautali akadali wokulungidwa, kutentha n'kumaunjikana mkatimo.

Itanani katswiri wa zamagetsi wovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Akukokereni mzere wa chipindacho pachokha kuchokera pa bokosi lalikulu, wokhala ndi breaker yakeyake (switchi yodzizimitsa yokha katundu akachuluka), waya wa kopa wokhuthala mokwanira, ndi soketi zomangidwa pakhoma, nyale iliyonse soketi yake. Muumirire kuti aikenso earth leakage ya 30 mA, chifukwa m'chipinda chothirira mbewu chinyezi sichitha, ndipo kachipangizo kameneka ndi komwe kamadula magetsi munthu akagwira waya ndi manja onyowa. Ndikudziwa kuti ndalama zake n'zowawa, koma yerekezani ndi zomwe munalipira kuti mupeze chiphaso ku Cannabis Regulatory Authority (bungwe loyang'anira ulimi wa chamba), mbewu, ndi shedi yomwe. Breaker ikamagwa pafupipafupi, ikukuuzani kuti katundu wachuluka. Musaisinthe ndi yaikulu, ndipo fyuzi ikapsa musamangepo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Kuteroko n'kuchotsa mlonda pakhomo.

Ma ballast ndi zolumikizira zonse zikhale m'mwamba, pakhoma la njerwa kapena pa chitsulo, osati pansi pomwe madzi othirira amayenderera, ngakhalenso pa thabwa kapena pakatoni. Nyale za HPS (mababu amphamvu a sodium, oyendera ballast) zimatentha moti dontho la madzi likhoza kuphulitsa babu, choncho popopera mbewu zimitsani kaye ndipo zizizire. Zipachikeni ndi tcheni, kutali ndi pulasitiki ndi masamba ouma. Amene angathe agule za LED, zimadya magetsi ochepa pa kuwala kofanana ndipo sizitentha kwambiri.

Mlimi wina wafunsa za kuthimathima kwa magetsi ndi jenereta. Magetsi akathima, zimitsani nyale pa switchi, ndipo akabwera dikirani mphindi 15 kuti HPS izizire musanaiyatsenso. Jenereta ilumikizidwe kudzera pa changeover switch (switchi yomwe imadula magetsi a ESCOM isanalowetse a jenereta) yoikidwa ndi katswiri. Kuilowetsa pa soketi ya pakhoma kumabweza magetsi ku mawaya a panja, ndipo kukhoza kupha wogwira ntchito pa polo. Iziyakira panja, petulo asungidwe kwina, ndipo musathire mafuta ikadali yotentha.

Nanga moto ukabuka? Musathire madzi magetsi akadali oyaka. Thamangirani pa main switch, ndipo aliyense wogwira ntchito m'shedimo, mlonda wa usiku makamaka, adziwe pomwe ili. Chozimitsira moto cha ufa kapena cha CO2 chikhale pakhomo, kunja kwa chipinda, pamodzi ndi ndowa ya mchenga wouma. Moto ukakula, tulukani nonse ndipo itanani ozimitsa moto.

Sabata iliyonse, nyale zitayaka kwa maola angapo, khudzani pulagi ndi soketi ndi kuseri kwa dzanja louma. Ikakhala yotentha kapena yayamba kuda m'mbali mwa mabowo, isinthidwe tsiku lomwelo. Oweta anapiye ndi mababu otenthetsera pamwamba pa utuchi achitenso chimodzimodzi.