Funsani a Malume: Matsanga, mapiri ndi ntchito ya sajeni

FUNSO: A Malume moni. Ine ndine mayi wa kuno ku Chadiza. Amayi anga mpaka lero akamva galu akuuwa usiku amayamba kukamba za Matsanga, eti nthawi ya a Kaunda ankagona kuthengo ndi ana kumbuyo kuopa zigawenga zochoka ku Mozambique. Manje chimene sindimvetsa ine, boma lokhala ndi ndege, mathanki ndi masoja ambirimbiri limakanika bwanji anthu ochepa obisala m'phiri? Chinanso, mlongo wanga wangokwezedwa kukhala sajeni wa polisi ndipo akuti pankhondo yotere wapolisi ndi wofunika kuposa msilikali. Kodi si kudzitama chabe chifukwa cha mizere yatsopano paphewa?
Amake Tiza, Chadiza

YANKHO: Amake Tiza, zikomo, ndipo amayi anu mukawapatse moni, zimene amakambazo si nthano ayi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Renamo, zigawenga zomwe zinkamenyana ndi boma la Mozambique zimene anthu ankazitcha Matsanga, ankadumpha malire n'kulowa m'midzi ya ku Chadiza, Katete, Petauke ndi Nyimba, kutenga ng'ombe, chimanga, mankhwala a ku kiliniki, ena kuwapha ena kuwasenzetsa katundu. Mu 1988 asilikali athu anachita kuwalondola mpaka mkati mwa chigawo cha Tete ku Mozambique. Dzina loti Matsanga linachokera kwa mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa, amene anaphedwa mu 1979 ku Gorongosa, dera la mapiri pakati pa Mozambique, mpando n'kutenga Afonso Dhlakama.

Za phiri tsopano. Inu mungoyang'ana mapiri atizinga kuno ku Chipata, muganize thanki ikukwera pamenepo. Siingathe. Galimoto ya asilikali imadalira msewu umodzi wokhotakhota, ndiye anyamata asanu okhala pamwamba pa thanthwe amaiona ikadali kutali, aika bomba pansi pa fumbi, awombera pang'ono basi azimiririka, pofika thandizo apeza zitsa zokha. Helikopita nayo mitengo ikawirira kapena nkhungu ikatsika imangozungulira kutha mafuta. Ndipo kulanda kampu si kupambana. Mu Ogasiti 1985 asilikali a Zimbabwe pamodzi ndi a Frelimo, chipani cholamula Mozambique, analanda Casa Banana, likulu la Renamo pafupi ndi phiri la Gorongosa, anthu n'kuomba m'manja kuti yatha, koma pofika Febuluwale 1986 a Renamo anali atabwereranso pamalo omwewo. Nkhondo inadzathera patebulo ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo abale athu a ku Mozambique amene anathawira ku kampu ya Ukwimi ku Petauke anayamba kubwerera kwawo pambuyo pake. Ngakhale Dhlakama atakwiyanso mu 2012 anathawira kuti? Ku Gorongosa komweko, ndipo anadzafera konko mu 2018.

Koma phiri silibala nsima. Chigawenga chimafuna ufa, mchere, mabatire, mankhwala a malungo, ndi munthu womuuza kuti masoja agona pati lero. Zonsezi zimachokera kumudzi, kunsi kwa phiri. Apa ndiye mlongo wanuyo sakunama kwenikweni, ngakhale mizereyo mwina yamulowa m'mutu pang'ono. Msilikali wochoka ku Gondar Barracks ku Chipata amabwera ndi lole, achita opaleshoni, abwerera. Wapolisi wa pa positi amakhala pompo, amadziwa mfumu, amadziwa kuti uyu wogula mchere thumba lonse pa golosale si wa mudzi uno. Kumalire kwathu kuno n'kovuta kwambiri chifukwa Mchewa wa ku Tete ndi wa ku Katete chilankhulo chimodzi, onse amakumana ku Mkaika pa Kulamba kwa a Gawa Undi, ndiye mlendo wochoka ku Lusaka angasiyanitse bwanji mbale wobwera kumaliro ndi kazitape? Ku Kenya nthawi ya Mau Mau, gulu lomwe linkamenyana ndi atsamunda, mtsogoleri wawo Dedan Kimathi anavutitsa Angerezi m'mapiri a Aberdare zaka zingapo, ndege zikuponya mabomba m'nkhalango, koma amene anamuwombera n'kumugwira mu 1956 anali wapolisi wa komweko.

Pomwe ndikufuna mlongo wanu amvetsetse ndi apa, chifukwa usajeni ndi kuyang'anira anzako, si kungokuwa pa pelete. Wapolisi wosayang'aniridwa ali ndi mfuti kutchire, kutali ndi bwana, malipiro achedwa, chakudya chatha, amayamba kugwira nkhuku za eni, kumenya mnyamata kuti aulule zomwe sadziwa, kupempha ya drinki pa lodibuloko. Tsiku lomwe wachita zimenezo mudzi wonse umatseka pakamwa, ndipo amene wapindula ndi wa m'phiri uja. Ku Kenya komweko, pa kampu ya Hola mu 1959 alonda anamenya akaidi 11 mpaka kufa, nkhani inafika ku nyumba ya malamulo ku London ndipo boma la atsamunda linachita manyazi osaneneka. Ndiye sajeni wabwino amawerenga zipolopolo potuluka ndi pobwera, amaona kuti aliyense wogwidwa walembedwa mu OB, buku la pa polisi lolembamo zochitika, ndi nthawi yake, amasinthanitsa anyamata asakhalitse malo amodzi mpaka kutopa, amamenyera nkhondo kuti leshoni ifike, ndipo amapita yekha kwa a mfumu kukafunsa kuti anyamata anga akukhala nanu bwanji, osadikira lipoti la anyamata omwewo. Amene wapereka nkhani dzina lake lisamveke ku bawa.

Lero kuno kulibe Matsanga, koma akuba ng'ombe ndi ozembetsa katundu amayenda njira zomwezo za m'mapiri, ntchito ndi yomweyo. Mlongo wanu mumukumbutsenso kuti police bond, yotulutsira munthu m'manja mwa apolisi podikira mlandu, ndi yaulere, ndipo inu eni mudzi wapolisi akakuzunzani kuli Police Public Complaints Commission kokadandaula, ngakhale wolakwayo akhale mlongo wa Amake Tiza.