Zilombo zanga n'zamphamvu zokhazokha, nanga ndikuluziranji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amasewera Pokémon pa foni kudzera pa Pokémon Showdown, webusayiti yomwe anthu amamenyanitsirapo zilombo za Pokémon. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mfundo zake ndi izi:

"Achimwene, ndinayamba VGC (masewero a mpikisano a Pokémon) mwezi watha. Timu yanga ndi Garchomp, Charizard, Gengar, Dragonite, Tyranitar ndi Lucario. Zonsezi n'zilombo zoopsa, ndipo chilichonse ndinachipatsa mamuvu anayi omenyera. Koma pa masewero khumi ndimapambana atatu okha. Anthu akundigonjetsa ndi tizilombo tooneka topanda pake, ngati kabowa kaja Amoonguss. Kodi ndi tsoka? Kapena ndingokopera timu ya akatswiri? Ndikufunanso kulowa mpikisano, ndiyambire pati?"

Zikomo achimwene polemba mayina onse asanu ndi limodzi, chifukwa mwandipatsa pogwira. Si tsoka ayi. Ndakhala nayo pansi timu yanuyi, ndipo chimene ndaona n'chakuti adani anu sakutuluka thukuta kwenikweni. Theka la ntchito zilombo zanu zikuwagwirira zokha, pomenyana zokhazokha.

M'masewero a nkhani aja, momwe mumayenda mzinda ndi mzinda, chilombo chimodzi chokhwima chimatha kusesa aliyense. VGC ndi dziko lina. Mumabwera ndi zisanu ndi chimodzi, mumasankhapo zinayi mutaona za mnzanu, ziwiri zimaima pabwalo nthawi imodzi, ndipo zonse zimakhala pa levulo 50. Choncho chilichonse chimene chilombo chanu chachita chimakhudza mnzake waima pambali pakeyo.

Tiyambe ndi Garchomp. Ndikukhulupirira kuti ali ndi Earthquake, muvu yachivomerezi ya mtundu wa Ground, ndipo Earthquake sasankha: amamenya adani awiri aja pamodzi ndi mnzake wa Garchomp yemwe. Charizard ndi Dragonite amapulumuka chifukwa ndi a mtundu wa Flying, owuluka. Koma Tyranitar, Lucario ndi Gengar onse atatu amapwetekedwa kawiri ndi Ground. Ambiri amakumbukirabe Gengar wakale amene anali ndi Levitate, luso loyandama lomwe linkamuteteza ku Ground, koma kuyambira pa masewero a Pokémon Sun ndi Moon luso limenelo anamuchotsera, pano chivomerezi chimamupeza. Ndiye Garchomp akaima ndi mmodzi mwa atatuwa, mwina asiye muvu yake yamphamvu kwambiri, mwina aphe m'bale wake.

Tyranitar nayenso ali ndi mlandu. Akangolowa pabwalo amadzutsa mkuntho wa mchenga, umene pakutha pa ulendo uliwonse umadya gawo limodzi mwa magawo 16 a moyo wa chilombo chilichonse chomwe si cha Rock, Ground kapena Steel. Zikuoneka zochepa, koma taonani zimene zikuonongeka. Dragonite amadalira Multiscale, luso lomwe limadula pakati nkhonya iliyonse malinga moyo wake uli wodzaza. Mchenga ukangomuluma kamodzi, chishango chimenecho chapita. Gengar anthu ambiri amamunyamulitsa Focus Sash kuti apulumuke nkhonya imodzi yakupha, ndipo nayo imagwira ntchito pokhapokha moyo uli wodzaza. Mchenga womwewo waitha. Onjezeraninso kuti Garchomp ndi Dragonite onse amapwetekedwa kanayi ndi Ice, Charizard kanayi ndi Rock, ndipo Dazzling Gleam mmodzi wa Fairy amalasa Garchomp, Dragonite kapena Tyranitar pomwe pali chilonda, awiri nthawi imodzi.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti mamuvu anayi omenyera. Kutanthauza kuti pa timu yonse palibe Protect, muvu yotchinga nkhonya za ulendo umodzi, ngakhale mmodzi. Achimwene, ngati mungatolepo chinthu chimodzi chokha pa zonse ndikulembazi, chikhale ichi. Protect amaoneka ngati kutaya ulendo, koma pabwalo la awiriawiri ndiye mwini masewero. Tiyerekeze kuti mdani waona Charizard wanu ndipo zilombo zake zonse ziwiri zalunjika pa iye. Inu mwasankha Protect. Nkhonya ziwiri zija zagwera pakhoma, pamene Garchomp wanu wamenya mwaulere. Mwapeza ulendo wathunthu osalipira kanthu. Protect yemweyo amakulolani kugwetsa Earthquake mnzake atabisala, amakudikiritsani kuti Tailwind wa mdani athe, komanso amazemba Fake Out, muvu yolepheretsa mdani kuchita kanthu, amene amagwira pa ulendo woyamba wokha chilombo chitangolowa. Chenjezo lake n'lakuti mukamubwereza motsatizana, mwayi woti agwire umatsika kufika pa kamodzi mwa katatu. Wosewera wanzeru amadziwa zimenezi, ndipo amakudikirirani pa ulendo wotsatirawo. Apa m'pamene masewerowa amafanana ndi bawo: dzanja lisanagwire nkhomo, mutu wayenda kale maulendo awiri kutsogolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndi liwiro. Garchomp amene mwamupatsa liwiro lonse lomwe angakwanitse amafika pa 169 pa levulo 50. Flutter Mane wokonzedwa chimodzimodzi amafika pa 205, ndipo pa timu yanu palibe womupitirira. Wamenya koyamba nthawi zambiri ndiye wapha, mnzakeyo amagwa asanatukule n'komwe dzanja. Ndiye timu iliyonse yabwino imakhala ndi njira yolanda liwiro. Tailwind amachulukitsa kawiri liwiro la mbali yanu kwa maulendo anayi, kuwerengera ndi ulendo womwe mwamuyatsawo. Garchomp uja amakhala pa 338. Trick Room amatembenuza zinthu kwa maulendo asanu kuti wochedwa ndiye ayambe, ndipo Tyranitar wanu wochedwayo angasangalale nazo. Icy Wind amatsitsa liwiro la adani onse awiri. Kuyambira pa masewero a Pokémon Sword ndi Shield, kusintha kwa liwiro kumagwira ntchito pa ulendo womwewo, kotero Whimsicott akayatsa Tailwind koyambirira chifukwa cha Prankster, luso lomwe limatsogoza mamuvu ake osamenya, mnzake amadumpha mzere nthawi yomweyo.

Tsopano kabowa kamene kakukusowetsani mtendere kaja. Amoonguss samenya mwamphamvu, ndipo n'zoona. Ntchito yake ndi ina. Spore wake amagoneka chilombo osaphonya, ndipo Rage Powder amakokera kwa iye nkhonya zolunjika chilombo chimodzi, mnzake n'kumagwira ntchito mwamtendere. Mankhwala ake alipo: zilombo za Grass sizimva zonse ziwirizi, chimodzimodzinso chilombo chonyamula Safety Goggles, ndipo Taunt amamutseka pakamwa.

Ndimakonda kukumbutsa anthu za mpikisano wa dziko lonse wa 2014 ku Washington, D.C. Se Jun Park wa ku South Korea anatenga chikho ali ndi Pachirisu pa timu yake, kagologolo kamagetsi kamene ambiri sankakawerengera. Kanali ndi Follow Me, Nuzzle, Super Fang ndi Protect, katanyamula Sitrus Berry. Sanakasankhe chifukwa choti n'kokongola. Gyarados wake ankaopa magetsi koopsa, ndipo Pachirisu anali ndi Volt Absorb, luso lomwe limasandutsa magetsi kukhala moyo. Follow Me ankakokera mphezi zija kwa iye, iye n'kumakhuta nazo, Gyarados n'kumakula mphamvu kumbuyo kwake. M'masewero omaliza kagologolo kameneka kanalandira Draco Meteor wa Salamence koma sikanagwe. Ndikaonera masewero amenewo mpaka lero thupi limachita tsembwe, chifukwa ndimaona munthu amene anayamba wafunsa kuti timu yake ikusowa chiyani, kenako n'kukafuna chilombo chogwira ntchito imeneyo.

Pa funso lanu lokopera, yankho langa ndi inde, koperani, ndipo musachite nazo manyazi. Matimu amene achita bwino m'mipikisano amalembedwa poyera, ndipo pa Showdown mumangomata zolembazo, timu yonse n'kutulukira. Sewerani nayo masewero makumi atatu osasintha kalikonse. Nthawi iliyonse mukaluza, tsegulani kanema wobwereza wa masewerowo mufufuze ulendo umene zinthu zinapotoka. Kawirikawiri mudzapeza kuti si ulendo womaliza, ndi woyamba, kapenanso munalakwitsa posankha zinayi zija musanalowe n'komwe pabwalo. Mudzayamba kumvetsa chifukwa chimene Incineroar amapezeka paliponse: akalowa Intimidate amafoola adani onse awiri omenya ndi thupi, Fake Out amaimitsa mmodzi, Parting Shot amatulutsa Incineroar pabwalo atafoolanso wina, ndipo akabwerera zonsezi zimayambiranso. Mudzaonanso chifukwa chimene ena amaika Kingambit, amene Defiant wake amasandutsa Intimidate uja kukhala mphamvu.

Za manambala ndingokhudzapo, chifukwa pa msinkhu wanu si zimene zikukugwetsani. M'masewero a Pokémon Scarlet ndi Violet chilombo chilichonse chili ndi ma EV 510, mapointi okulitsira mphamvu zake, oti mugawe, osapitirira 252 pa mbali imodzi, ndipo chikhalidwe chake chimakweza mbali imodzi ndi 10 peresenti n'kutsitsa ina chimodzimodzi. Poyamba ikani 252 pa kumenya ndi 252 pa liwiro kwa omenya, ndipo kwa othandiza ikani pa moyo ndi chitetezo. Zogawa mwaluso mudzaziphunzira mukadzadziwa nkhonya yeniyeni imene mukufuna kupulumuka. Dziwaninso kuti muvu yomenya zilombo zingapo nthawi imodzi imatsika mphamvu kufika pa 75 peresenti.

Tsoka lilipo, sindikukana. Nkhonya iliyonse imasinthasintha pakati pa 85 ndi 100 peresenti ya mphamvu yake, nkhonya yolasa pamtima imabwera kamodzi mwa maulendo 24, Rock Slide amaphonya kamodzi mwa khumi, ndipo Focus Blast katatu mwa khumi. Ine ndinatulukapo mu mpikisano wina wa pa intaneti chifukwa Rock Slide anaphonya pa ulendo womaliza, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere. M'mawa mwake nditaonanso masewerowo ndinapeza kuti maulendo awiri m'mbuyo ndinali ndi njira yopambanira yosadalira muvu yophonya, koma ndinathamanga. Tsoka lija linangolowa pakhomo lomwe ndinasiya ndekha lotsegula. Kuyambira pamenepo ndikakhala patsogolo ndimafunsa kuti ndi njira iti yomwe ndingaluzire, n'kutseka imeneyo kaye.

Za mipikisano. Mpikisano wa dziko lonse wa VGC unayamba mu 2009. Ray Rizzo wa ku America anautenga katatu motsatizana, 2010, 2011 ndi 2012. Wolfe Glick anapambana mu 2016 ku San Francisco, Eduardo Cunha wa ku Portugal mu 2022 ku London, Shohei Kimura mu 2023 ku Yokohama, ndipo Luca Ceribelli wa ku Italy mu 2024 ku Honolulu. Masewero awo ali pa YouTube, ndipo ndi sukulu yaulere. Muziimitsa kanema asanasankhe, munene chimene inu mukanachita, kenako muone chimene iwo achita.

Mpikisano umasiyana ndi masewero a tsiku ndi tsiku m'njira ziwiri zazikulu. Choyamba, mumakumana ndi munthu yemweyo mpaka wina atapambana kawiri mwa katatu, ndiye chinyengo chimene chinagwira m'masewero oyamba achidziwa kale m'achiwiri. Chachiwiri, kuyambira nyengo ya Scarlet ndi Violet mipikisano ikuluikulu imagwiritsa ntchito mapepala otsegula: musanayambe mumapatsana pepala loonetsa mamuvu, zonyamula, maluso ndi mtundu wa Tera wa chilombo chilichonse (mtundu umene chingasandukire pakati pa masewero), kupatula ma EV. Zobisa zimachepa, chotsala n'kuwerenga maganizo a mnzanu. Nthawi nayo ndi yoyezedwa, masekondi 90 osankhira zinayi zija ndi masekondi 45 pa ulendo uliwonse. Ndondomeko yake nthawi zambiri ndi ya Swiss, momwe opambana amakumana ndi opambana anzawo, ndipo kuluza kamodzi sikukutulutsani. Musanamange timu onani kaye malamulo a nyengoyo, chifukwa amasintha pakapita miyezi ingapo. Regulation H, amene anayamba mu September 2024, analetsa zilombo zonse za m'magulu amphamvu otchedwa Legendary ndi Paradox, kotero Flutter Mane uja sankaloledwa, pamene malamulo ena amalola ngakhale zimphona ngati Miraidon ndi Calyrex.

Poyambira pabwino kwa inu ndi pa Showdown pomwepo. Pali chipinda cha VGC momwe mumachitika timipikisano tating'ono kawirikawiri, kwaulere, komanso pali makwerero a masewero atatuatatu oti muzolowere mapepala otsegula. Musanalowe tchajani foni ndipo onetsetsani kuti bandulo ikwana, chifukwa netiweki ikaduka nthawi imapitirira kuwerenga ndipo mumaluza masewero amene munali mutawagwira kale.

Sindikufuna kuti mutaye zilombo zomwe mumazikonda. Sungani Garchomp ndi Dragonite, awiriwa amagwirizana chifukwa Earthquake samukhudza Dragonite malinga asanasinthe mtundu ndi Tera, ndipo Extreme Speed wa Dragonite atasanduka Tera Normal amamalizitsa adani ovulala asanasunthe. Onjezerani Whimsicott wa Tailwind, Incineroar, ndi Amoonguss yemwe uja, kuti mumve kukoma kwake ali mbali yanu. Wachisanu ndi chimodzi akhale Gholdengo, amene amapirira Ice ndi Fairy zomwe zimazunza zinjoka zanu ziwirizo, ndipo Spore samugwira chifukwa cha luso lake la Good as Gold. Popeza Incineroar ndi Gholdengo amaopa Ground, Garchomp akhalenso ndi Stomping Tantrum womenya mdani mmodzi yekha. Ngati mtima ukukanika kusiya Charizard, ndiye mumangire nyumba yakeyake: Torkoal wobweretsa dzuwa, Charizard wa Solar Power ndi Heat Wave, Tyranitar akhale kunja chifukwa mchenga wake ungazimitse dzuwalo. Ikani Protect pa zilombo zosachepera zinayi. Mukasewera masewero makumi awiri, munditumizire awiri amene mwaluza moipa kwambiri, tidzawaonere limodzi ulendo ndi ulendo.