Amalume afunsa: mnyamata wathu asaine ku timu yaikulu kapena apite komwe azikasewera?

Kalata ya pa imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa amalume ena omwe akulera mwana wa mlongo wawo. Mnyamatayo ali ndi zaka 19, amasewera kutsogolo, ndipo chaka chatha anamwetsa zigoli zambiri mu ligi ya m'chigawo. Pano timu ina yaikulu ya mu Super League yabwera ndi kontirakiti ya zaka zitatu, ina yaing'ono ikumufunanso koma ndalama zake n'zochepa. Palinso bambo wina amene akuti amupezera matirayozi (mpata wokayesedwa luso ku timu) ku South Africa, bola banja lipereke ndalama ya ulendo ndi "yokonzera mapepala". Akufunsa kuti atani.

Amalume, ndiyambe ndi bambo wa matirayoziyo chifukwa ndi amene wandipweteka mtima. Musamupatse ngakhale tambala imodzi. Matirayozi enieni a kunja amayenda ndi kalata yochokera ku timu yomwe ikuitana, ndipo pali fomu ya FIFA yomwe timuyo ndi wosewera amasaina, yofotokoza za malo ogona, chakudya ndi mayendedwe. Timu imayenera kuilowetsa mu kompyuta ya FIFA yotchedwa TMS masiku 10 matirayozi asanayambe. Wa zaka 21 kutsika m'munsi sangayesedwe kupitirira masabata 8 pa timu imodzi mu sizoni imodzi, ndipo akavulala timuyo ndiyo imaona za chipatala. Malamulo omwewo amaletsa kupempha ndalama chifukwa chopezera munthu matirayozi. Mufunseni bamboyo laisensi yake ya uejenti ya FIFA, mukafunsenso ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'Malawi muno, ngati akumudziwa. Akayamba kukwiya kapena kunena kuti mwayi utha mawa, dziwani kuti mwapulumutsa mbuzi zanu. Mabanja ambiri agulitsa ziweto ndi minda, mwana n'kukathera m'kachipinda ku Johannesburg, viza itatha, osaponda n'komwe pabwalo.

Tsono za matimu awiriwo. Dzina la timu yaikulu limakoma kutchula, ndikudziwa. Mudzi wonse umamva pa wailesi, anthu n'kumakupatsani moni wa manja awiri. Koma wosewera kutsogolo amakula ndi mphindi zomwe wasewera, osati ndi yunifomu yomwe wavala pa benchi. Super League ili ndi matimu 16, kutanthauza masewero 30 pa sizoni. Timu ngati Bullets, Wanderers kapena Silver imakhala ndi omwetsa zigoli anayi kapena asanu, ena oitanidwa ku Flames, ndipo mphunzitsi wake akalephera masewero awiri otsatizana masapota amakhala atayamba kale phokoso. Mphunzitsi wotere alibe mtima woti adikire mwana wa zaka 19 aphunzire. Amulowetsa mphindi 10 zomaliza, mwanayo aphonya mpira umodzi chifukwa cha mantha, basi mwezi wathunthu osaonekanso.

Ndipo kuphonya adzaphonya ndithu. Zigoli za m'chigawo zimanamiza. Kumeneko mnyamata wa liwiro amangoponyeredwa mpira kumbuyo kwa otchinga, n'kuthamanga, n'kupeza nthawi youimitsa, kuukonza, kenako kuwombera. Mu Super League nthawi imeneyo palibe. Wotchinga kumbuyo wa zaka 30 amakhala atamugunda kale ndi phewa mpira usanafike, ndipo mzere wa otchinga umakwera pamodzi kuti amutchere ofusayidi. Zomwe ayenera kuphunzira n'zooneka zazing'ono: kucheuka kuona kumbuyo mpira usanamufike, kuulandira atafulatira golo bondo litapindika ndi mkono umodzi ukumva komwe kuli mdani, kukhota pothamanga m'malo molunjika kuti asadutse mzere msanga, kuthamangira pa mtengo wapafupi mnzake akamaponya mpira kuchokera m'mbali. Izi sizilowa m'thupi poonerera. Zimalowa ukazilakwitsa Loweruka, n'kupatsidwanso mpata Loweruka linalo.

Taonani Patson Daka wa ku Zambia. Mu 2017 anali atangotenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20, dzina lake lili pakamwa pa aliyense, koma atafika ku Red Bull Salzburg anayamba wasewera ku FC Liefering, timu ya mu ligi yachiwiri ya ku Austria. Zigoli 27 za mu ligi zinadzabwera mu sizoni ya 2020/21, kenako Leicester City n'kumugula. Tabitha Chawinga anayambira mpira wa ku Ulaya ku Krokom/Dvärsätts IF, katimu ka m'ligi ya m'munsi ku Sweden, mu 2014. Zigoli 23 zomwe anatsogola nazo ku Italy ali ku Inter Milan zinabwera mu 2022/23. Gabadinho Mhango anachoka ku Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, n'kudutsa ku Golden Arrows ndi Bidvest Wits, koma zigoli 16 zomwe anafanana nazo ndi Peter Shalulile pamwamba pa ligi ya South Africa anamwetsa ali ku Orlando Pirates mu 2019/20, ali ndi zaka 27. Anthu amakumbukira chigoli chake chakutali chija chomwe anamwetsa Morocco mu January 2022, n'kuiwala zaka zonse zomwe zinapita m'mbuyo mwake. Ndinene mosabisa: kuika mwana wa zaka 19 pa benchi sizoni ziwiri n'kumuononga, ngakhale malipiro atakhala abwino chotani.

Pali nkhani ina yomwe simunafunse koma siingadumphidwe, ya zaka zobadwa. Wina adzabwera n'kukunong'onezani kuti muchotseko zaka ziwiri pa mapepala kuti mwana "agulike". Kanani. Tsiku lobadwa likhale limodzimodzi pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti, pa mapepala a sukulu ndi pa kaundula wa FAM. Timu ya kunja ikapeza masiku awiri osiyana imangotseka nkhani. Onetsetsaninso kuti matimu onse omwe anasewerako kuyambira ali ndi zaka 12 analembedwa, chifukwa akadzagulitsidwa kunja, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu omwe anamulera. Katimu ka kwanu komwe kanamugulira nsapato zoyamba kadzadyeko. Ndipo ngati MSCE sanamalize, alembe. Bondo silipangana ndi munthu tsiku loduka.

Zoyenera kuona pa kontirakiti

Musasaine tsiku lomwe mwaiona. Pemphani kope, mukaiwerenge kunyumba ndi munthu wodziwa malamulo kapena wa bungwe la osewera mpira. Malipiro a pamwezi, ndalama yosainira ndi tsiku loiperekera, bonasi ya masewero, nyumba, ndi yemwe adzalipire chipatala akavulala, zonsezi zilembedwe ndi manambala. "Tidzaona zinthu zikayenda bwino" si malipiro. Tsiku loyambira ndi lothera lioneke, ndipo chenjerani ndi kamzere kopatsa timu yokha mphamvu yowonjezera zaka. Mutenge kope yosainidwa mbali zonse. Mwa malamulo a FIFA, timu ikakhala miyezi iwiri osalipira, wosewera amailembera kalata yoipatsa masiku 15, ndipo ikalephera ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano. Koma popanda pepala m'manja mulibe poyambira. Kontirakiti ikatsala ndi miyezi 6 kuti ithe, ali ndi ufulu wosainirana ndi timu ina. Mgwirizano ndi ejenti usapitirire zaka ziwiri.

Pa mnyamata mwiniyo, akamaliza zokonzekera ndi anzake atsalire ndi goloboyi mphindi 20 katatu pa sabata: mipira 20 ndi mwendo wofookawo, 20 yowombera kamodzi osaimitsa, 10 ya mutu. Kawiri pa sabata agwade, mnzake amugwire akakolo, iye azigwa chamtsogolo pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Zimenezi zimalimbitsa mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu womwe umakonda kung'ambika kwa othamanga kwambiri. Wina azimujambula masewero athunthu pa foni, osati zigoli zokha, chifukwa ofuna osewera amafuna kuona zomwe amachita mpira ukakhala kutali.

Yankho langa, amalume: pitani kwa mphunzitsi wa timu yaikuluyo, osati kwa akuluakulu a mu ofesi, mumufunse kuti mnyamatayu ndi wachingati pa mndandanda wa osewera kutsogolo. Akati wachitatu kapena kupitirira apo, asaine pokhapokha atalemba kuti sizoni yoyamba amubwereketsa ku timu ina ya mu Super League. Akakana kulemba, mutengereni ku timu yaing'onoyo pa kontirakiti ya zaka ziwiri, bola ikhale yoti imalipira osewera ake mwezi ndi mwezi; zimenezo mukafunse kwa anyamata omwe akusewera kumeneko panopa.