Funsani Malume: Pachikwangwani tilembe magemu 214 kapena 61?

Malume,

Ine ndi alamu anga tili ndi kanyumba koseweretsa magemu kuno ku Mchesi. Muli PlayStation 2 ziwiri zakalekale ndi PS4 imodzi, ndipo panja pansi pa mtengo tinayikapo bawo ndi drafuti kuti odikira mpata asamatithawe. Tikufuna kulembetsa chikwangwani, koma tasemphana pa nambala. Ine ndinawerenga mayina onse a pa hard disk, n'kuwonjezera zimbale za m'katoni, ndinapeza 214. Alamu akuti limenelo ndi bodza lamkunkhuniza: ma FIFA onse ndi gemu imodzi, ma PES onse ndi imodzi, zimbale zokandika zichoke, ndipo bawo si gemu, n'zocheza za madala. Iwo apeza 61. Wolemba chikwangwani wadya kale theka la ndalama, akungodikira nambala. Tiweruzeni.

Wowerenga wa ku Mchesi, Lilongwe

Achimwene,

Nonse awiri mwaphonya, kungoti alamu anu aphonya pafupi. Koma pa mawu aja akuti bawo n'zocheza za madala, mukawauze kuti mdala wina wamva, ndipo akuwadikira pansi pa mtengo womwewo Loweruka lililonse lomwe angalimbe mtima.

Nambala yanu ya 214 yandikumbutsa kachidole komwe ndinagulira mwana wanga wachisamba ali sitandade 5. Mukukadziwa: kotuwa, ka mabatire awiri, kolira ngati nkhululu, pamwamba atalembapo kuti Brick Game 9999 in 1. Mwanayo anauza mudzi wonse kuti ali ndi magemu 9999. Ine pokhala mphunzitsi wa masamu, zinandiyabwa. Tsiku lina mvula itatitsekera m'nyumba ndinakatenga, kope lili pambali, n'kuyamba kudina. Munali ija yolumikiza mizere ndi tinjerwa togwa kuchokera kumwamba, imene dzina lake lenileni ndi Tetris, yomwe Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow m'zaka za m'ma 1980. Munali njoka yotalika ikadya, tigalimoto tozembana, akasinja owomberana, ndi ina yogumula khoma ndi kampira. Kupitirira apo zinali zomwezomwezo: pena awonjezera liwiro, pena tinjerwa tayambira pakati, pena chithunzi achiimika chadodolido. Ndinatopa ndisanafike pa 300, ndipo m'kope mwanga magemu osiyana sanakwane 20. Opanga kachidoleko anawerenga mmene mwawerengera inu: mzere uliwonse wa pamndandanda anauyesa gemu.

Nanga gemu n'chiyani, ngati si dzina la pamndandanda, si chimbale, si katoni? Yankho lili pa thabwa la bawo lomwe alamu akulinyozalo. Thabwalo ndi limodzi, mizere inayi ya maenje 8, onse pamodzi 32, mabulo 64. Koma pamaseweredwa zinthu ziwiri. Ana ndi ophunzira amayika mabulo awiriawiri m'dzenje lililonse n'kuyamba kuyendetsa. Akuluakulu sayamba choncho: aliyense amayika 8 m'nyumba, awiriawiri m'maenje awiri oyandikana nayo, 20 otsalawo amakhala nawo m'manja n'kumaponya limodzilimodzi, ndipo nyumbayo ili ndi malamulo akeake. Mwana amene amakwapula anzake onse pa kaseweredwe koyamba, mukamukhazika pa kachiwiri amasowa pogwira. Thabwa limodzi, magemu awiri. Kwinaku munthu akhoza kukhala ndi matabwa atatu, lina la mbawa losemedwa bwino, lina logula m'mbali mwa msewu, lina long'aluka, koma sanawonjezere gemu ngakhale imodzi. Ndipo anyamata oweta ng'ombe, okumba maenje pansi n'kutola timiyala, thabwa alibe, komabe ntchuwa akusewera mpaka ng'ombe kulowa m'munda wa eni. Makhadi nawonso: paketi imodzi, makhadi 52, koma mumatuluka knock, rummy, poker, ngakhale ija yosewera wekha ukasowa mnzako.

Choncho gemu ndi malamulo ake: choti ukwaniritse, njira zololedwa ndi zoletsedwa, ndi mmene timadziwira kuti zatha, wapambana ndi uje. Malamulo akasintha mpaka katswiri n'kufunika kuphunziranso, pamenepo yabadwa gemu ina. Akangosintha utoto, ndi yomweyo yangovala malaya a Khirisimasi.

Muyezo umenewu tiupititse pa ma FIFA anu, pomwe pagona mkangano. Alamu akuti onse ndi amodzi chifukwa onse ndi mpira. Apo alakwa. FIFA yoyamba inatuluka mu 1993, ndipo kampani ya EA inkatulutsa ina chaka ndi chaka mpaka inasiyana ndi bungwe la FIFA n'kusintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023. M'zaka 30 zimenezo kaseweredwe kasintha kambirimbiri. Mnyamata wozolowera ya pa PS4 mukamupatsa ya 2005 adzakufunsani ngati padi yafa. Koma inunso simungawerenge dzina lililonse. Tengani FIFA 14. Inatuluka pa PS2 ndi pa PS4 pomwe. Ya pa PS4 anaimanga mwatsopano. Ya pa PS2 inali ya chaka chatha yomweyo, anangosintha mayunifomu ndi mayina a osewera, ndipo eni ake sanabise, anailemba kuti Legacy Edition. Ndiye taonani: FIFA 13 ndi FIFA 14 za pa PS2 ndi mayina awiri koma gemu imodzi, pamene FIFA 14 ya pa PS2 ndi ya pa PS4 ndi dzina limodzi koma magemu awiri. Amene amawerenga mayina aphonya konsekonse.

A kampani ya Konami anachitanso zomwezo ndi gemu yawo ya mpira, PES 2021: anaigulitsa motsika mtengo n'kuitcha Season Update, kuvomereza okha kuti ndi ya 2020 yomwe yasintha zovala. Samalaninso ndi zimbale zakaunjika zochokera ku Japan. Mukapeza yolembedwa Winning Eleven musasangalale kuti mwatola yachilendo, limenelo linali dzina la PES kumeneko. Nanga zija anyamata a m'tauni amakuyikirani pa hard disk, PES yakale yomwe alowetsamo osewera a chaka chino n'kumata chaka chatsopano pachikuto? Kaya muli nazo zisanu ndi imodzi, lembani imodzi. Ndipo ndikukayikira kuti mu 214 yanuyo muli ena omwe mwawawerenga kawiri, koyamba pa hard disk, kachiwiri m'katoni.

Njira yodziwira ndi yapafupi, simufunikanso ine. Itanani mnyamata uja amathera ndalama zake zonse kwa inu, amene amasewera osayang'ana padi. Mumuyatsire ma FIFA anu imodziimodzi. Pomwe zala zake zikungopitiriza ngati palibe chachitika, ndi gemu yomweyo. Pomwe wayamba kukalipira mabatani, lembani mzere wina.

Pali pena pomwe muyezo womwewu ukukomera inu. Ngati muli ndi Tekken 5 ya pa PS2, m'chimbale chimodzicho mulinso Tekken yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, monga zinalili pa makina aja oponya ndalama. Amenewo ndi magemu anayi, alamu afune asafune. Koma musatengerepo mwayi n'kuyamba kuwerenga pool wa mu GTA San Andreas. Zoona, CJ, munthu amene mumayendetsa m'gemuyo, akhoza kulowa m'bala n'kugwira ndodo, koma ameneyo ndi kachigawo chabe, monga mmene mapenate alili mu mpira. Palibe kasitomala adzabwere ndi ndalama kuti mumuyatsire pool ameneyo.

Pa zimbale zokandika alamu akunena zoona, ndipo ine ndipitirira pomwe iwo alekezera. Chikwangwani ndi lonjezo. Mwana akaloza dzina n'kupereka ndalama yake ya mandasi, gemuyo iyake ndipo iyende, osati kuuma pa chithunzi choyamba inu n'kumapukuta chimbale pa malaya. Chotsani zokandika. Chotsani ma demo a gawo limodzi. Chotsani zofuna intaneti ngati bandulo mumagula mwa apo ndi apo, pakuti Fortnite popanda intaneti ndi chithunzi chabe. Zobwera mwezi ndi mwezi ndi PlayStation Plus ndi zobwereka: mukasiya kulipira zimatsekeka ndi loko. Ngakhale chimbale chosalala bwino si umboni masiku ano. Gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew inkadalira makompyuta a kampani ya Ubisoft, ndipo atawazimitsa kumapeto kwa Malichi 2024, aliyense amene anaigula anatsala ndi chimbale chongoyenera kupachika m'munda wa mapira kuti chiziopseza mbalame.

Tibwerere kwa madala. Ndikudziwa chomwe chikusokoneza alamu. Mawu athu akuti masewera ndi thumba lalikulu: muli mpira, muli phada ndi fulaye, muli masanje, sewero la pawailesi ndi m'bale wake, ndipo munthu wogwira ntchito mwamphwayi timati akuchita masewera. Achinyamata atabwereka mawu akuti gemu anawapereka kwa zamagetsi ndi mpira wa pabwalo basi, ngati kuti zotsalazo n'zachibwana. Koma yesani ndi muyezo uja. Pa bawo cholinga chilipo, malamulo alipo okhwima kuposa a Mortal Kombat, wopambana amadziwika, ndipo wogonja amapita kwawo osatsanzika. Drafuti chimodzimodzi, ngakhale mukusewera ndi zitsekerero za mabotolo, zina chagada zina chafufumimba. Fulaye ndi gemu. Masanje, ngakhale ndimawakumbuka ndi mtima wonse, sindiwayika m'gulu limeneli. Mumakhala bambo, mayi, ana ndi fisi, nsima yeniyeni imaphikidwa, koma palibe wopambana, ndipo amatha chifukwa dzuwa lalowa kapena amayi aitana. Pa zamagetsi ziliponso zotere. Minecraft ukaiyika pomanga pokha, popanda adani kapena njala, ndi masanje a pa kanema. Ndingailole pamndandanda wanu chifukwa mbali yake inayo ili ndi zoopsa ndi mathero, koma ndikuilola monyinyirika.

Chitani izi. Lamlungu masana tsekani chitseko, inu mugwire padi, alamu agwire kope. Yatsani iliyonse, muisewere mphindi zisanu. Ikayenda, ndipo ikakhala yosiyana ndi inzake, ilandire mzere. Ndikuganiza kuti mudzathera pakati pa 70 ndi 90, bawo ndi drafuti zili momwemo, ndipo imeneyo ndiyo nambala ya pachikwangwani. Ya 214 musaitaye. Imeneyo ndi ya katundu, idzagwira ntchito tsiku lomwe mudzagulitse bizinesi kapena kugawana ndi alamu, pakuti pamenepo ngakhale chikuto chopanda chimbale chimakhala ndi mtengo wake. Komabe ndikanakhala ine, ndikanauza wolemba uja kuti nambalayo aifinyire pakona, malo aakuluwo alembe FIFA, PES, Mortal Kombat, GTA ndi Bawo. Sindinaonepo mwana akulowa pakhomo chifukwa cha nambala. Amasuzumira n'kufunsa ngati FIFA yatsopano ilipo, ndiponso ngati mapadi onse awiri ali moyo.

Malume,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku Dedza. Ahedi andipatsa ntchito yolemba katundu wa kalabu ya masewera. Tili ndi matabwa a chess anayi, koma seti imodzi yasowa hatchi yakuda, komanso makatoni atatu omwe mbali ina ndi Ludo, kuseri kwake njoka ndi makwerero. Mphunzitsi mnzanga akuti njoka ndi makwerero tisalembe n'komwe chifukwa mulibe nzeru, ndi mwayi wokhawokha. Ndilembe bwanji?

Mphunzitsi wa ku Dedza

Aphunzitsi,

Funso lanu likufanana nkhope ndi la achimwene a ku Mchesi, koma si mapasa. Ahedi sakufunsa kuti ana angasewere zingati; akufuna kudziwa chomwe chidzakhale chitasowa teremu ikamatha. Ndiye werengani zogwirika: matabwa a chess 4, makatoni a Ludo 3, pambali mulembe kuti kuseri kuli njoka ndi makwerero. Madayisi muwawerenge paokha, chifukwa ndi amene amayamba kulowa m'matumba a ana. Seti yosowa hatchi mulembe kuti ili ndi tizidutswa 31 m'malo mwa 32, muyike tsiku lomwe mwaona, ndipo ahedi asayine, kuopa kuti hatchiyo angadzaifunse kwa inu.

Anzanuwo akunena zoona kuti pa njoka ndi makwerero wosewera sasankha kanthu, dayisi ndiye amalamula. Ine ndekha sindingathere madzulo anga pamenepo. Koma malamulo alipo, mathero alipo, wopambana amadziwika, ndipo mwana wa sitandade 1 amaphunzirirapo kuwerenga mpaka 100 ndi kudikira nthawi yake osalira. Ilembeni.

Seti yopunduka ija musaitsekere m'kabati. Chitsekerero cha botolo chimalumpha bwinobwino ngati hatchi malinga ana awiriwo agwirizana, ndipo thabwa lomwelo la timabokosi 64 limatenganso drafuti, zitsekerero 12 mbali iliyonse, kwa ana omwe chess sinawalowebe. Ku ofesi mupereke matabwa 4 ndi makatoni 3. Ana akadzakufunsani kuti kalabu ili ndi masewera angati, muwauze kuti anayi.