Maseva awiri sangaweruze mlandu wawo okha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amayang'anira makompyuta a bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Mangochi. Iwo ali ndi maseva (makompyuta osunga kaundula wa bungwe) awiri a PostgreSQL, pulogalamu ya database: yaikulu ili pa boma, ndipo yachiwiri, imene imakopera chilichonse cholembedwa pa yaikuluyo, ili ku nthambi ya ku Monkey Bay. Akufunsa chimene angachite kuti ya pa boma ikazima, ya ku Monkey Bay izitenga yokha udindo popanda munthu kudzutsidwa usiku.

Bambo, ndi maseva awiri okha musayese zimenezo. Seva ya ku Monkey Bay ikasiya kumva mnzake, ilibe njira yodziwira ngati mnzakeyo wafadi kapena ndi netiweki chabe imene yaduka pakati pawo, ndipo tonse okhala m'mbali mwa nyanja muno tikudziwa kuti netiweki imaduka kawirikawiri kuposa mmene kompyuta imafera. Ikadzikweza yokha pamene ya pa boma idakali moyo, makalaliki a pa boma adzapitiriza kulemba mu kaundula wakale, a ku Monkey Bay mu watsopano, ndipo membala amene watapa ndalama m'mawa kuno angathe kukwera minibasi n'kukatapanso ndalama zomwezo masana uko. Akatswiri amatcha vutoli split brain. Pali chida chotchedwa pg_rewind chobwezera seva yakale m'mbuyo kuti itsatire yatsopano, koma chimatero potaya zonse zimene yakaleyo inalemba chipatukireni, kotero malisiti otayikawo mudzawalowetsanso pamanja.

Mankhwala ake ndi mboni yachitatu, kompyuta ina yovota nawo posankha seva yotsogolera. Ambiri amagwiritsa ntchito Patroni, pulogalamu yokweza ndi kutsitsa maseva, pamodzi ndi etcd, pulogalamu yosunga chigamulo cha amene akutsogolera, imene imayendera lamulo la Raft lakuti chigamulo chimamangidwa ndi ochuluka, ndiye kuti awiri mwa atatu. Seva yaikulu imagwira kiyi ya utsogoleri imene, mukapanda kusintha, imatha mphamvu pakadutsa masekondi 30, ndipo ikalephera kuikonzanso imadzitsitsa yokha n'kuleka kulandira zolembedwa. Mboniyo siifunika kusunga database. Kakompyuta kakang'ono kakwana, bola kakhale pamalo ena, monga ku Blantyre, ndi magetsi ndi netiweki yakeyake. Kukaika m'chipinda chimodzi ndi seva yaikulu ndi kungotaya ndalama, chifukwa magetsi akazima mavoti awiri apita limodzi. Dziwaninso kuti etcd imayamba chisankho chatsopano ikangokhala sekondi imodzi osamva mtsogoleri wake, choncho pa netiweki yochedwa nthawiyi muyenera kuitalikitsa. Mabwana anu auzeni mosabisa kuti tsiku limene boma lidzadulidwe kwa ena awiriwo, makalaliki a pa boma adzaima ngakhale seva yawo ili bwinobwino, ndipo kuimako ndiko chitetezo chimene akulipira.

Pali nkhani ina imene simunafunse. Kukopera kumene kunabwera mu PostgreSQL 9.0 m'chaka cha 2010 sikudikira kuti seva yachiwiri ivomere kuti yalandira, kotero yaikulu ikafa mwadzidzidzi zolembedwa zomalizira zingathe kufera nayo limodzi. Kukopera kodikira kunabwera mu PostgreSQL 9.1 m'chaka cha 2011, koma mukakuyatsa ndi seva imodzi yokha ya kutali, netiweki ikaduka aliyense wolemba adzangoti kakasi kudikira yankho losabwera. Ine ndikanagula seva ina n'kuiika pa boma pomwepo, m'nyumba ina, kuti izikopera modikira, ndipo ya ku Monkey Bay ikhale yothawirako moto kapena madzi akawononga zonse za pa boma.

Ngati ndalama za zonsezi palibe, kusintha pamanja sikochititsa manyazi. Lembani ndondomeko papepala: wina atsimikize ndi maso kuti seva ya pa boma yazimitsidwa ndipo waya wake wa netiweki wazulidwa, ndiyeno wa ku Monkey Bay alembe pg_ctl promote, lamulo lokweza seva yachiwiri kukhala yaikulu. Masiku onse muziyang'ana pg_stat_replication kuti muone kutsalira kwa seva yachiwiri, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito replication slot, imene imasungira seva yachiwiri zolembedwa zimene isanalandire, ikani malire pa max_slot_wal_keep_size, imene ilipo kuyambira mu PostgreSQL 13, apo ayi Monkey Bay ikakhala chete masiku angapo mafayilo a WAL, osunga mndandanda wa zosintha zonse, adzadzaza disiki ya pa boma mpaka seva kuima.

Kukopera sikulowa m'malo mwa backup, kope losungidwa padera lobwezeretsera zotayika, pakuti kalaliki akafufuta maakaunti molakwitsa, cholakwacho chimafika ku Monkey Bay m'kanthawi kochepa. Sungani backup padera ndi chida monga pgBackRest, ndipo Loweruka lina masana, ofesi itatsekedwa, zimitsani dala seva ya pa boma muli ndi wotchi m'manja, kenaka mundilembere kuti zinatenga mphindi zingati kuti kalaliki woyamba alembenso.