Za anthu a ku Cambodia ndi mashopu a madonasi ku California

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti othawa nkhondo a ku Cambodia achuluke chonchi pa malonda a madonasi ku California. Gwero lake ndi Ted Ngoy, mmodzi mwa othawa nkhondowo, amene anafika ku America mu 1975, zigawenga zachikomyunizimu za Khmer Rouge zitalanda Phnom Penh, likulu la Cambodia. Ntchitoyi anaiphunzira ku kampani ya Winchell's, kenako anagula shopu yakeyake, Christy's, m'tauni ya La Habra ku California komweko. Zitayamba kumuyendera, ankagula mashopu ena n'kumachititsa lendi mabanja ongofika kumene, atawaphunzitsa kaye.

Phindu linkachokera pa kusalemba antchito. Bambo ankakanda ndi kukazinga kuyambira pakati pa usiku, mayi ndi ana n'kumagulitsa m'mawa. Chingerezi chochepa chinkakwanira.

Koma kukazingako sikufuna munthu woodzera. Mafuta azikhala pa madigiri Celsius 185 mpaka 190, ndipo donasi ikhalemo pafupifupi mphindi imodzi mbali iliyonse. Mafuta akazizira, donasi imawamwa n'kulemera. Akatenthetsa, kunja kumada m'kati muli mwamuwisi. Mtanda wa yisiti nawo ngovuta: mukaudina ndi chala, chibowocho chizibwerera pang'onopang'ono. Chikapanda kubwerera ndiye kuti wafufuma mopitirira, ukafwafwanizika m'mafuta. Shuga wosungunula mupake donasi ikadali yotentha, apo ayi amaundana mochindikala.

Mabokosi apinki otchuka oikamo madonasi anafala chifukwa anali otchipa kuposa oyera. Ngoy mwiniwake chuma chake chinathera pa juga ku Las Vegas, n'kubwerera ku Cambodia, koma mabanja ambiri amene anawaphunzitsa anapitiriza malondawo.